Mzere Waubweya: Zomwe Taona pa Zojambula za a Fomu 1 ndi Fomu 2

Anzathu a Fomu 1 ndi Fomu 2, mapepala anu tawaona onse. Paja ntchito imene ife a kalabu ya zojambula tinapereka inali patatu: kulumikiza timadontho tiwiri ndi mzere wowongoka popanda rula, kujambula ndowa ili pansi, ndi kujambula tsamba limodzi lothyola nokha. Mayina tawapindira kumbuyo, pepala lililonse talipatsa nambala. Ndiye mtima m'malo, palibe amene atchulidwe dzina pano. Mwini wake adzidziwa yekha. Mapepala ena tawamata pansipa kuti muziwerenga uku mukuyang'ana.

Tiyambe ndi nthenda imene yagwira pafupifupi aliyense. Yang'anani pepala nambala 3, kenako nambala 8. Muli patali muona ngati ndi mzere umodzi. Senderani pafupi. Si umodzi ayi, ndi timizere tambirimbiri tatifupitifupi, tina pamwamba pa tinzake, ngati chingwe cha khonje chimene chayamba kutha. Ku kalabu timautcha mzere waubweya. Wojambulayo amakanda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo, n'kukandanso, ngati nkhuku ikupalasa padzala. Pofika kumapeto munthu watopa, pepala lada, koma mutamufunsa kuti pa timizere tonseti m'mphepete mwa ndowa ndi pati kwenikweni, sangakulozereni.

Ena mukuti imeneyo ndiye sitayilo ya akatswiri. Ayi aise. Katswiri akamaponya timizere tosaoneka bwino poyamba, amakhala akufunafuna malo oti chinthucho chikhale, ndipo akawapeza amadula mzere umodzi wooneka. Ubweya wa pa nambala 3 ndi mantha basi. Dzanja likuopa kulakwa, ndiye likuponya mizere khumi poganiza kuti mwina umodzi ukhala wolondola, woonayo asankhepo yekha.

Koma si mantha okha. Vuto lina tinabwera nalo kuchokera ku Sitandade 1. Kumeneko anatiphunzitsa kugwira pensulo kuti tizilemba a, e, i, o, u. Zilembo ndi zazing'ono, motero dzanja limakhala phee pa kope, zala zokha n'kumagwira ntchito. Zaka eyiti tikulemba choncho, thupi linazolowera. Tsono zala zimangoyendetsa pensulo masentimita awiri kapena atatu, zatha. Mukafuna mzere wautali muyenera kunyamula dzanja, kulisuntha, kuyambiranso, ndipo paliponse pamene mwayambiranso pamamera ubweya. Mukati mugwiritse ntchito mfundo ya dzanja, paja timavala wotchi, mzere umatalikirapo koma umatuluka wokhota ngati uta, chifukwa mfundo imeneyo imayenda mozungulira.

Yesani pompano pamene mwaimapo, anzanu akuseke alekeni. Tambasulani mkono, lozani mbali imodzi ya bolodi ili ndi chala, kenako yendetsani chalacho mpaka mbali inayo. Mwaona chimene chayenda? Ndi phewa ndi chigongono, zala zangotengedwa ngati apaulendo. Mzere wautali umachokera kumeneko. Mawa muwayang'anitsitse aphunzitsi a masamu akamajambula pa bolodi ndi choko. Dzanja lawo siligona pa bolodi, mkono wonse umayenda, ndiye chifukwa chake mzere wawo umatuluka kamodzi n'kamodzi. Pa desiki chitani chimodzimodzi. Khalani mowongoka, musagoneke chibwano pa pepala, lolani kachala kakang'ono kokha kuti kazikhudza pepala n'kumatsetsereka. Ndipo pepala si lokhomedwa ndi misomali. Litembenuzeni mpaka mzere umene mukufuna uloze kumene mkono wanu umapita mosavuta. Ambiri olemba ndi dzanja lamanja zimawayendera akamachokera pansi kumanzere kupita pamwamba kumanja. Amanzere, inu n'kutembenuza.

Nanga maso aziyang'ana pati? Apa ndiye ambiri munagwa nayo ntchito yoyamba ija. Munali kuyang'ana nsonga ya pensulo. Kuno ku Mchinji ndani sanagwirepo khasu m'munda wa mtedza kapena wa soya? Mukudziwa zomwe zimachitika munthu akamaunga mzere maso ali pa khasu pokha. Akadzuka kuti awongole msana amapeza mzere wapita kwina, wakalowa mwa mnzake. Wodziwa amaponya maso kutsogolo, pa chikhomo kapena pa mtengo umene uli kumapeto. Mawu ake ndi amodzi omwewo, mzere wa m'munda ndi mzere wa pa pepala, ndipo lamulo lakenso ndi limodzi. Ikani pensulo pa kadontho koyamba, maso apite pa kadontho kachiwiri, dzanja lilondola lokha.

Musanagunde pepala, yesezani kaye m'mwamba. Yendetsani pensulo kuchokera pa kadontho aka kufika pa ako kawiri kapena katatu, nsonga isakukhudza pepala, kuti mkono uidziwe njira. Kachinayi tsitsani pensulo, pitani. Osathamanga ngati mwaba, komanso osakwawa. Funsani wakabaza aliyense pa Kamwendo kapena pa Boma, akuuzani kuti njinga imavuta kuwongola ikamayenda pang'onopang'ono kwambiri, makamaka itasenza thumba. Imapepeluka uku ndi uku. Ikagwira liwiro lake imayenda yokha. Mizere ya pa nambala 12 ilibe ubweya, ndipo tikuyamikira, koma ikunjenjemera ngati yalembedwa mu minibasi. Mwini wake anayenda pang'onopang'ono zedi, akuwongolera njira yonse. Onjezani liwiro pang'ono, amwene, zina zonse muli nazo kale.

Tsono mzere wapita, waphonya kadontho ndi pang'ono. Mutani? Usiyeni. Inde, usiyeni choncho. Mzere wosalala umene waphonya uli ndi phindu kuposa waubweya umene wafika, chifukwa kulunjika kumabwera ndi masiku, pamene ubweya ukazolowereka umavuta kuzula ngati nansongole. Ikani timadontho tina pambali, yesaninso.

Apa tiyenera kunena za chofufutira. Pepala nambala 7 labooka pakati. Mwini wake anafufuta malo amodzi mpaka desiki kuonekera. Nambala 15 anafufuta ndi malovu ndi chala, ndipo ndowa yake ikuoneka ngati yapsa ndi moto. Sitikuseka ayi, tikudziwa kuti onsewa ndi anthu ofuna zabwino. Koma chofufutira chikakhala pafupi, dzanja limachita ulesi. Limati ndingoyamba, ndikalakwa ndifufuta, motero munthu sayang'ana mokwanira asanayambe. Pempho lathu ndi lakuti kwa sabata ziwiri zikubwerazi, zoyeserera zonse muzichita ndi bolopeni. Labala abwerekeni a Fomu 4, akumufuna.

Ngati mukuona ngati tikukuzunzani, ganizirani makolo amene anajambula pa miyala ya ku Chongoni, m'boma la Dedza. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zojambula zakale, monga ku Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, akuti anajambula ndi Akafula, ndipo zambiri ndi mikombero ndi mizere yondondozana. Zoyera anajambula ndi Achewa ndi dothi loyera, zina zokhudza chinamwali, zina zokhudza gule. Pa thanthwe palibe kufufuta. Munthu ankaviika chala, kuyang'ana, n'kupita nacho. Tsidya linali ku Zambia ziliko zotere, monga ku Kalemba m'boma la Chadiza. Ngakhale osema ziboliboli a ku KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua m'chaka cha 1976, sangabwezere thabwa limene asema kale. Ndiponso simufunika kupita kutali. Imani tsiku lina pamene wolemba zikwangwani akulemba dzina la golosale pa khoma. Penti ndi yodula, khoma ndi la mwini wake, ndiye onani mmene amaimira kaye n'kuyang'ana nthawi yaitali, burashi ili m'manja, kenako chilembo chonse n'kutuluka ndi kukoka kumodzi kapena kuwiri.

Tibwere ku ndowa. Apa tachita kuseka ndithu, koma kuseka kwa chikondi, chifukwa zolakwika zake n'zofanana ngati munakopera kwa munthu mmodzi. Ambiri pakamwa pa ndowa mwajambula mkombero wathunthu, ngati mukuiyang'ana muli pa denga, koma pansi pake mwadula mzere wowongoka, ngati mukuiyang'ana mutagona pansi. Munthu mmodzi sangakhale pa denga ndi pansi nthawi imodzi. Chimene chachitika n'chakuti mutu ukudziwa kuti pakamwa pa ndowa ndi pozungulira, ukudziwanso kuti ndowa imakhala pamalo osalala, ndiye mwajambula zimene mutu ukudziwa, osati zimene maso akuona.

Mukafika kunyumba tengani lichero. Ligwireni moyang'anana nanu: ndi lozungulira bwinobwino. Yambani kuligoneka pang'onopang'ono. Mkombero uja ukuphwatalala, m'litali uli chimodzimodzi koma m'lifupi ukuchepa. Likafika pa msinkhu wa maso anu litagona, latsala ngati mzere chabe. Litsitseni kufika m'chiuno, latsegukanso. Ndiye kuti chozungulira chikamatsika kutali ndi maso, chimaoneka chotseguka kwambiri. Pansi pa ndowa ndi potsika kuposa pakamwa pake, choncho mzere wapansi uyenera kukhota, ndipo ukhote kuposa wapamwamba. Nambala 5 yekha ndi amene anaziona zimenezi. Kayang'aneni pepala lake. Ndowa yake yakhala pansi zenizeni, mungathe kuthiramo madzi.

Chinanso, mkombero wophwatalala ulibe ngodya. Nambala 9 ndi nambala 11 mwausongola mbali zonse ziwiri, waoneka ngati diso la munthu kapena nsomba yopanda mchira. Zimatero mukajambula theka lapamwamba palokha, n'kuima, n'kujambula theka lapansi. Musaime. Yesezani m'mwamba mozungulira ngati mukutakasa phala, kenako tsitsani bolopeni muzungulire kawiri osanyamula. Wina afunsa kuti nanga kuzungulira kawiriko si ubweya womwewo? Ayi. Ubweya ndi kuduladula mzere. Uku ndi kuyenda ulendo wonse kawiri, ndipo ulendo wachiwiri umawongola woyamba. Jambulaninso mbali imene yabisika kuseri kwa ndowa, mopepuka, ngati ndowayo ndi yagalasi. Zimathandiza kuti mbali yooneka ikhote moyenera.

Masamba ndiwo atisangalatsa kwambiri, komanso ndiwo aulula anthu. Tinati tsamba lothyola nokha. Ena mwajambula tsamba limene silimera pa mtengo uliwonse m'Malawi muno: losongoka uku ndi uku, mzere pakati, timizere tofanana mbali zonse ngati minga ya nsomba. Limenelo ndi tsamba la m'mutu. Nambala 6 analemba pansi kuti "tsamba la mtedza" koma lili ndi timasamba titatu. Anzanga, boma lonse lino limadziwika ndi mtedza! Tsamba la mtedza lili ndi timasamba tinayi, tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Lokhala ndi titatu ndi la soya kapena la nyemba. Tsamba la chimanga mitsempha yake imayenda mondondozana kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, pamene la mango imachoka pa mtsempha waukulu wapakati n'kumwazikana ngati ukonde. Zimenezi simungazipeke. Muyenera kuyang'ana.

Pepala limene latigwira mtima ndi nambala 14. Tsamba lake ndi la mpiru, lodyedwa ndi mbozi mbali imodzi, lopindika kunsonga. Si lokongola, koma aliyense akaliona akuti, "Eee, mpiru uwu." Mwini wake anajambula ngakhale pobooka paja. Mzere wake ukuyenda motsatira m'mphepete mwa tsamba lenilenilo, pena kulowa, pena kutuluka, osadukiza. Chimene timatcha mzere wolimba mtima ndi chimenechi. Si kuthamanga kokha ayi. Ndi kudziwa kumene ukupita chifukwa wayang'ana mokwanira.

Pali masewera amodzi ophunzitsa maso, amene mphunzitsi wina wa ku America, Kimon Nicolaides, anawafotokoza m'buku lake lotchedwa The Natural Way to Draw, lomwe linatuluka mu 1941. Ikani tsamba kapena dzanja lanu lomwe patsogolo panu. Maso ayende pang'onopang'ono m'mphepete mwake ngati nyerere, bolopeni iziyenda limodzi ndi maso, koma pepala osaliyang'ana ngakhale kamodzi, bolopeni osainyamula. Apa pokha kuchedwa n'kololedwa, chifukwa cholinga si mzere wowongoka. Chimene chituluke chikhala chopindika moseketsa, zala zina zotalika ngati nzimbe. Zilibe kanthu. Mukayang'anitsitsa mupeza timakwinya ndi timakona tenitheni timene simukanatijambula mukanadalira mutu.

Kagulu kena kamva nkhani ya kulimba mtima molakwika. Nambala 2 anakanikiza pensulo mpaka mzere ukumveka ndi chala kuseri kwa pepala, ndipo tikukhulupirira kuti masamba atatu otsatira m'kope mwake ali ndi ndowa yomweyo. Kukanikiza si kulimba mtima. Mzere ukhoza kukhala wopepuka ngati ulusi koma wotsimikiza. Yambani mopepuka, ndipo mukamaliza detsani malo ochepa okha: pansi pamene chinthu chakhudza nthaka, mbali imene kuli mthunzi, ndi chimene chili pafupi nanu. Mzere ukakhala wakuda chimodzimodzi paliponse chojambula chimaoneka ngati chawaya. Za mapensulo musadandaule nazo. Zilembo zimene mumaziona kumapeto kwake zili ndi tanthauzo: H ndi yolimba, imalemba motuwa, B ndi yofewa, imalemba mwakuda, HB ili pakati, ndipo ndi imene imapezeka m'magolosale athu. Imeneyo ikukwanira. Chachikulu isongoleni. Pensulo yobuntha imanamiza, imabisa pamene mzere wadutsa.

Mwina wina akuti ine zojambula si zanga, ndikufuna unamwino kapena ulangizi wa zaulimi. Imani kaye musachoke. Pa mayeso a MSCE a Bayoloje mukhoza kupatsidwa tsamba, duwa, mbewu kapena kachilombo kuti mujambule. Malamulo a chojambula cha sayansi ndi omwewa tikunenawa: pensulo yosongoka, mzere umodzi wosadukiza, popanda ubweya, popanda kupaka mthunzi, chojambula chachikulu bwino osati kanthu kobisala pakona. Mizere yolozera mayina ndi yokhayo imene mumagwiritsa rula, ndipo isapingasane, ikhudze chiwalo chenichenicho. Pansi mulembe magnification, kutanthauza kutalika kwa chojambula kugawa ndi kutalika kwa chinthu chenicheni. Nyemba ya masentimita 1.5 mukaijambula masentimita 6, mulemba x4. Ndiye taganizani, mzere wanu uli ndi ubweya wonenepa mamilimita atatu, muyeza kuyambira pati? Ndipo wojambula za m'mutu ndi amene amamera miyendo ya chiwala pamimba, pamene yonse isanu ndi umodzi imachokera pachifuwa. Malikisi amapita choncho, munthu ukudziwa notsi zonse. Ku Jogalafe n'chimodzimodzi. Mapu a boma lathu lino, Zambia kumadzulo, Mozambique kumwera, Kasungu kumpoto, Lilongwe kummawa, akajambulidwa ndi ubweya simungasiyanitse malire ndi mtsinje wa Bua, kapena njanji ya ku Chipata ndi msewu wa M12.

Mapepala awiri sitinawamate. Eni ake anaika pepala pa windo pamwamba pa chithunzi cha m'buku n'kulondola. Zimadziwika msanga, chifukwa mzere wake umakhala wolondola koma wakufa, wonjenjemera paliponse mofanana. Tibweretsereni ndowa yanu yopindika, tidzakhala ndi chokambirana.

Mawu pang'ono kwa inu oima pa bolodi pano, makamaka a Fomu 3 ndi 4. Teremu yatha wina analemba mawu achipongwe pansi pa chojambula cha mwana wa Fomu 1, ndipo mwanayo sanabwerenso ku kalabu. Amene munachita zimenezo mukudzidziwa. Kunena kuti "chonyasa" sikuphunzitsa munthu kanthu. Komanso kunena kuti "chabwino kwambiri" uku ukuyang'ana kumbali n'chimodzimodzi, ndi ulesi wovala ulemu. Ngati mukufuna kuthandiza mnzanu, lozani ndi chala malo amodzi. Muuzeni kuti mzere uwu wayenda bwino, unatani pamenepa? Kenako lozani malo amodzi ena, amodzi okha, amene angakonze mawa. Mukamuunjikira zolakwa khumi angopinda pepala n'kuliika m'thumba. Ndipo cholembera chanu chisakhudze pepala la mwini. Mukafuna kumuonetsa, jambulani pa pepala lina pambali. Inunso olandira ndemanga, akakuuzani kuti pansi pa ndowa mpowongoka sanakutukwaneni. Akunena za ndowa.

Tikudziwa kuti makope ndi odula ndipo palibe kholo limene lingasangalale kuona kope la masamu litadzaza mizere. Musaononge makope atsopano. Kumbuyo kwa makope a chaka chatha kuli masamba, mapepala a mayeso akale kuseri kwake n'koyera, nyuzipepala yakale imalola bolopeni, katoni ya sopo imalola khala. Ndipo pabwalo pali mchenga waulere. Kamtengo ndi mchenga ndi mphunzitsi wabwino wa phewa, chifukwa pansi simungajambule ndi zala zokha. Makoma a sukulu ndi a zimbudzi okha ndiwo ayi, tisadzayambane ndi ahedi. Mphindi khumi tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha, poti mkono umaphunzira ngati mmene mwendo unaphunzirira kupalasa njinga.

Ntchito ya ulendo uno nayi. Tsamba limodzi la pepala mudzaze ndi mizere yolumikiza timadontho, ina yaifupi, ina yodutsa pepala lonse, yonse ndi bolopeni, ndipo yophonya muisiye momwemo tidzaione. Kuseri kwake jambulani kapu imodzi katatu: ili pansi, ili pa tebulo, ndiponso mnzanu ataigwira pa msinkhu wa maso anu. Pomaliza bwerezani tsamba lomwe lija, koma ulendo uno mubwere nalo tsambalo, mulimate pambali pa chojambula. Nambala 6, inu mubwere ndi la mtedza. Tikumana Lachitatu tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 2, ndipo mapepala amene sanamatidwe pano mudzatengere komweko.